Tisamathamangire Kunena Kuti Ndi Ukalamba Basi

Patatha miyezi isanu amuna awo atamwalira, azakhali anga anayamba kuiwala. Poyamba zinali zinthu zazing'ono, monga pamene aika makiyi, tsiku la mlungu, kapena dzina la mdzukulu amene anabwera kudzawaona dzulo lake. Kenako anasiya kupesa tsitsi, anasiya kutuluka panja, ndipo ukawafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, azakhali?" ankangoti, "Ndadzuka," maso ali pansi. Tonse pabanja tinagwirizana mwamsanga kuti ndi ukalamba basi, ndipo titangonena mawu amenewo palibe amene anaganizanso zochitapo kanthu.

Tsiku lina ndikuwafunira mpango m'kabati ndinapeza mapaketi atatu a mankhwala awo a BP, mapiritsi onse ali momwemo, osachotsapo ngakhale limodzi. Kuchipatala namwino anawakulunga lamba woyezera magazi pamkono, lamba uja n'kufufuma mpaka azakhali anachita tsinya, ndipo manambala anaima pa 178 ndi 98. Namwinoyo anawauza mwaulemu kuti, "Agogo, mankhwala awa sasiyidwa," n'kuwalembera ena. Panja panali mzere wautali wa odwala, choncho sindimuimba mlandu. Komabe tsiku limenelo palibe amene anafunsa chifukwa chimene munthu yemwe anamwa mankhwala mokhulupirika kwa zaka 10 anasiyira mwadzidzidzi.

Mfundo yanga m'ndemanga ino ndi yakuti mtima, maganizo ndi ubongo wa munthu wokalamba zimadwalira pamodzi, ndipo ziyenera kuyang'aniridwa pamodzi. Kafukufuku wa zaka zambiri wafika poti aliyense amene amasamalira nkhalamba, kaya ndi dokotala, namwino, mwana kapena mdzukulu, alibenso chifukwa chomveka choonera kuthamanga kwa magazi, chisoni chosatha ndi kuiwalaiwala ngati nkhani zitatu zosiyana. Chilankhulo chathu sichinazisiyanitsepo. Timati munthu wasweka mtima, wataya mtima, kapena mtima wake suli m'malo, ndipo mwana akasunga phunziro m'mutu timati waloweza pamtima. Liwu limodzi lomweli limanyamula chiwalo chopopa magazi, limanyamula chisoni, limanyamulanso kukumbukira. Kalankhulidwe si umboni wa sayansi, koma pa nkhani iyi ofufuza afika pafupi kwambiri ndi pamene chilankhulo chinaima kalekale.

Chifukwa chake chili m'thupi momwemo. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi lonse, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi 20 peresenti ya mpweya wa okosijeni umene thupi limafuna munthu akakhala phee, ndipo ulibe posungira chakudya chake, moti umadalira magazi amene akufika nthawi yomweyo. Magaziwo amafika m'katikati mwa ubongo kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono toonda ngati ulusi. Magazi akamathamanga mopitirira muyeso chaka ndi chaka, makoma a timitsempha timeneti amakhuthala ndi kuuma, njira imachepa, ndipo zigawo zakuya za ubongo zimayamba kulandira magazi operewera. Tina mwa timitsemphati timatsekeka, n'kusiya timabala timene madokotala amati ndi masitiroko osaonekera, chifukwa munthu sagwa, pakamwa sipapindika, dzanja silifa. Chimene achibale amaona ndi chakuti agogo ayamba kuganiza mochedwa, akulephera kukonza zochita za tsiku, akuyenda mokoka mapazi, ndipo zinthu zimene ankazikonda sizikuwakomeranso.

Kafukufuku amene amandigwira mtima kwambiri pa nkhaniyi ndi wa masisitere. Kuyambira mu 1986, katswiri wina wa ku America, David Snowdon, anatsatira masisitere a gulu la School Sisters of Notre Dame, ndipo masisitere 678 a zaka 75 kupita m'tsogolo anavomera kuti aziyezedwa nzeru chaka ndi chaka komanso kuti ubongo wawo udzaunikidwe akadzamwalira. Zotsatira zimene zinatuluka mu 1997 zinasonyeza kuti pakati pa masisitere amene ubongo wawo unali ndi zizindikiro za matenda a Alzheimer (matenda owononga ubongo pang'onopang'ono n'kuchititsa kuiwala), amene analinso ndi timabala ta sitiroko ndiwo ankaiwala kwambiri ali moyo, pamene ena amene mitsempha yawo inali yabwino anafika kumanda nzeru zili zogwira ntchito ngakhale kuti zizindikiro za Alzheimer zinalimo m'mutu mwawo. Tanthauzo lake ndi lalikulu. Munthu sangasankhe kuti ubongo wake usakhale ndi zoyambitsa Alzheimer, koma mitsempha yabwino ingamuthandize kunyamula katundu ameneyo kwa nthawi yaitali osagwa naye.

Umboni wina unachokera m'tauni ya Framingham, m'chigawo cha Massachusetts ku America, kumene kafukufuku wa matenda a mtima anayamba mu 1948 ndi anthu 5,209 ndipo akupitirirabe ndi ana ndi adzukulu awo. Mu 2016 ofufuza a kumeneko analengeza kuti chiwerengero cha anthu opezeka kumene ndi matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatcha dementia, chinatsika ndi 44 peresenti poyerekeza zaka za kumapeto kwa m'ma 1970 ndi zaka zozungulira 2010. Kutsikaku kunaoneka mwa anthu amene anamaliza maphunziro a sekondale, ndipo kunachitika m'nyengo yomweyo imene kusuta kunkachepa, BP ikuyang'aniridwa bwino, sitiroko ikuchiritsidwa msanga. Ngati kuiwalaiwala kukanakhala ukalamba basi, sikukanatsika m'zaka pafupifupi 30 zokha, popeza ukalamba wa munthu wa zaka 80 sunasinthe.

Komabe kafukufuku wongoyang'ana anthu mmene akukhalira sangatsimikizire kuti chinthu china ndicho chikuyambitsa chinzake. Pamafunika kuyesa, kugawa anthu m'magulu awiri mwamaere, n'kuona ngati kutsitsa BP kumatetezadi ubongo. Zimenezi n'zimene anachita mu kafukufuku wa SPRINT ku America, momwe munali anthu 9,361 a zaka 50 kupita m'tsogolo. Gulu lina ankafuna kuti nambala yapamwamba ya BP ikhale pansi pa 140, ndipo gulu linalo pansi pa 120. Kafukufukuyu anaimitsidwa msanga mu 2015 chifukwa phindu linali loonekeratu: m'gulu lachiwiri mavuto aakulu a mtima ndi mitsempha anachepa ndi 25 peresenti, ndipo imfa zinachepa ndi 27 peresenti. Zotsatira za ubongo zinatuluka mu 2019, ndipo ndiyenera kuzinena monga zilili. Kufooka pang'ono kwa nzeru, kumene kawirikawiri kumatsogolera dementia, kunachepa ndi 19 peresenti. Dementia yeniyeniyo inachepanso, koma osati mokwanira kuti ofufuza atsimikize kuti sizinangochitika mwamwayi, mwa zina chifukwa kuyesako kunatha patangopita zaka zitatu ndi miyezi ingapo, pamene matendawa amatenga zaka zambiri kuti aonekere.

Yankho lomveka bwino linadzachokera ku China mu 2025. M'midzi 326 ofufuza anatsatira anthu 33,995 a zaka 40 kupita m'tsogolo amene BP yawo inali yokwera. M'theka la midziyo azaumoyo a m'mudzi, amene sanali madokotala, anaphunzitsidwa kuyeza BP, kupereka ndi kusintha mankhwala motsatira ndondomeko yosavuta, komanso kulangiza odwala, n'cholinga chofika pansi pa 130 ndi 80. Patatha zaka zinayi, dementia inali yochepa ndi 15 peresenti m'midzi imeneyi kusiyana ndi midzi inayo. Ine ndimaona kuti ichi ndi chimodzi mwa zotsatira zofunika koposa m'zaka zaposachedwapa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti sichinamveke monga mmene nkhani za mankhwala atsopano zimamvekera. Panalibe makina odabwitsa, panalibe akatswiri a ubongo. Panali lamba woyezera, mapiritsi odziwika kale, ndi munthu wodziwika m'mudzi amene ankabwerabwera kudzaona wodwala.

Pali amene angatsutse, ndipo kutsutsa kwawo n'kwanzeru. Amati nkhalamba ya zaka 85, yofooka, yoyenda ndi ndodo, si munthu wa zaka 60 wamphamvu zake, ndipo kuitsitsira BP kwambiri kungaichititse chizungulire n'kugwa, n'kuthyoka chiuno. N'zoona kuti mu SPRINT gulu lotsitsidwa kwambiri linali ndi anthu ochulukirapo okomoka, otsika magazi mopitirira ndiponso ovutika impso, ndipo n'zoonanso kuti kafukufukuyu sanalowetse anthu odwala shuga, odwalapo sitiroko, kapena amene anali kale ndi dementia. Choncho nambala 120 si lamulo la aliyense. Koma mfundo imeneyi isasanduke chifukwa chosiyira okalamba popanda chithandizo. Kafukufuku wa HYVET, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008, anayesa anthu 3,845 a zaka 80 kupita m'tsogolo, cholinga chili 150 ndi 80, ndipo imfa zinachepa ndi 21 peresenti, pamene vuto la mtima kulephera kupopa bwino linachepa ndi 64 peresenti. Chofunika ndi kusamala poyeza: munthu ayezedwe atakhala pansi n'kupuma mphindi zisanu, ayezedwenso ataimirira, afunsidwe ngati amaona mdima akadzuka pabedi, ndipo mankhwala awonjezedwe pang'onopang'ono. Kumusiya ndi 178 poopa chizungulire ndiko kumusiya kuti timitsempha tija tizitsekeka tokha, ndipo ubongo ukawonongeka motero, madzi akatayika saoleka.

Tsopano ndifike pa mbali imene azakhali anga anagwerapo, yomwenso imanyalanyazidwa kwambiri. Madokotala a mtima anazindikira kale kuti chisoni chimafika m'thupi. Ku Japan mu 1990 anafotokoza matenda otchedwa takotsubo, pamene mtima umafooka mwadzidzidzi munthu akakumana ndi zoopsa kapena imfa ya wokondedwa, zizindikiro zake n'kufanana ndi za mtima wotsekeka mitsempha, ndipo odwala ambiri amakhala amayi achikulire. Mu 1993, ku Montreal m'dziko la Canada, Nancy Frasure-Smith ndi François Lespérance anatsatira odwala 222 amene mitsempha ya mtima wawo inali itangotsekeka kumene, ndipo anapeza kuti amene anali ndi matenda ovutika maganizo anali ndi chiopsezo chomwalira m'miyezi isanu ndi umodzi chokwera pafupifupi kanayi kuposa anzawo. Kuchokera pamenepo kafukufuku wambiri wabwereza uthenga womwewo, mpaka mu 2014 bungwe la American Heart Association linavomereza kuti kuvutika maganizo kuziwerengedwa m'gulu la zinthu zoika wodwala mtima pangozi.

Munthu angayembekezere kuti kuchiza maganizo kungachepetse imfa za mtima. Apa kafukufuku anakhumudwitsa ambiri. Mu kafukufuku wa ENRICHD, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2003, odwala mtima 2,481 ovutika maganizo kapena osowa owalimbikitsa anagawidwa pawiri, ena n'kulandira uphungu ndiponso mankhwala pamene anafunika. Maganizo awo anapepukirapo, koma imfa ndi kudwalanso mtima sizinasiyane pakati pa magulu awiriwo. Kafukufuku wina wa ku South Korea wa odwala mtima 300 ovutika maganizo, amene anatuluka mu 2018, anapeza kuti amene analandira mankhwala ochiza maganizo a escitalopram anakumana ndi mavuto aakulu a mtima ochepa m'zaka zisanu ndi zitatu zotsatira, pafupifupi 41 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi 54 mwa amene sanawalandire, koma anthu 300 a m'dera limodzi ndi ochepa kuti nkhani ithere pamenepo.

Ena amatenga zotsatira zimenezi n'kunena kuti ndiye kuti maganizo si nkhani ya dokotala wa mtima. Ine ndikukana, pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi chakuti munthu amene sagona, sadya, ndipo m'mawa uliwonse amadzuka akulakalaka akanapanda kudzuka, akudwala matenda ofuna chithandizo pa okha. Sitifunsa ngati kuchiza dzino lopweteka kumatalikitsa moyo tisanalichize, ndipo sindikuona chifukwa chimene chisoni cha nkhalamba chiyenera kuyamba chadzilungamitsa ndi ziwerengero za imfa. Chachiwiri chikuchokera mu kafukufuku wa Heart and Soul, amene Mary Whooley ndi anzake anachita ku California pa odwala mtima 1,017 n'kufalitsa mu 2008. Iwo anafuna kudziwa njira imene maganizo amadzera kuti awononge mtima. Anayeza zinthu zambiri za m'magazi ndi za kagundidwe ka mtima, koma chimene chinafotokoza gawo lalikulu la chiopsezocho chinali khalidwe la tsiku ndi tsiku, makamaka kusayendayenda, pamodzi ndi kusuta ndi kudumphitsa mankhwala. Munthu wosweka mtima amakhala pampando tsiku lonse, sapita kukayezedwa, ndipo mapiritsi amatsala m'kabati. Kumupatsa paketi yachinayi osamufunsa za chisoni chake ndi kutunga madzi ndi dengu.

Ubale wa maganizo ndi kuiwala ndi wopotana kwambiri, ndipo pafunika kudekha poufotokoza. Mu 1997 George Alexopoulos ndi anzake anapereka ganizo lakuti kuvutika maganizo kumene kumayamba munthu atakalamba nthawi zina kumachokera m'timitsempha towonongeka ta mu ubongo, tomwe tija tikuwonongedwa ndi BP, chifukwa njira za mu ubongo zoyendetsa chidwi ndi chimwemwe zimadutsa m'zigawo zomwezo. Ku London, kafukufuku wa Whitehall II anatsatira ogwira ntchito m'boma oposa 10,000 kwa zaka 28, ndipo mu 2017 anasonyeza kuti anthu amene anadzapezeka ndi dementia ankayamba kuonetsa zizindikiro za kuvutika maganizo pafupifupi zaka 10 matendawo asanadziwike, pamene kuvutika maganizo kwa pa zaka zapakati sikunaoneke kuti kumawonjezera chiopsezo. Ofufuzawo anaona kuti chisoni cha paukalamba chingakhale chizindikiro choyambirira cha matenda amene ayamba kale mu ubongo. Palinso njira yachitatu, yomwe madokotala amaidziwa bwino: munthu wovutika maganizo amalephera kuika mtima pa zimene akumva, motero amaoneka ngati woiwala, ndipo maganizo akachira kukumbukira kumabwerera.

Wachibale amene ali pakhomo sangathe kusiyanitsa njira zitatuzi, ndipo safunika kutero. Zonse zitatu zikuloza ku chinthu chimodzi, chakuti nkhalamba imene yasintha khalidwe, yasiya kucheza ndipo yayamba kuiwala iyenera kuonedwa ndi wazaumoyo amene ayeze BP, amvetsere ngati mtima ukugunda mwadongosolo, ayeze shuga, aone mankhwala onse amene ikumwa, ndiponso afunse za maganizo. Ndatchula kagundidwe ka mtima chifukwa vuto lakuti mtima uzigunda mosalongosoka, lotchedwa atrial fibrillation, limachuluka ndi msinkhu ndipo limakweza chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu. Ndatchula mankhwala chifukwa ena ogonetsa ndi ena akale ochiza maganizo, monga amitriptyline, angathe kusokoneza mutu wa munthu wokalamba. Kusokonezeka kumene kwabwera m'masiku ochepa okha ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kawirikawiri kumasonyeza matenda ena m'thupi.

Kodi zipatala zingathe kuona zonsezi pamodzi popanda kukhala ndi akatswiri ambirimbiri? Zinayesedwa kale. Mu kafukufuku wa IMPACT wa mu 2002, anthu 1,801 a zaka 60 kupita m'tsogolo ovutika maganizo anathandizidwa m'zipatala zawo za nthawi zonse, ena mwa iwo n'kupatsidwa namwino kapena mlangizi wowatsatira, amene ankalandira upangiri kwa katswiri wa maganizo. Patatha chaka, 45 pa 100 aliwonse a m'gulu lotsatiridwa anali atapepukidwa ndi theka kapena kuposa, poyerekeza ndi 19 okha m'gulu linalo. Mu 2010 Wayne Katon ndi anzake ku Seattle, ku America, anapita patsogolo: namwino mmodzi ankayang'anira maganizo, shuga, BP ndi mafuta a m'magazi mwa wodwala mmodzi yemweyo, pa odwala 214, ndipo zinayi zonsezo zinayenda bwino kuposa mwa olandira chithandizo cha nthawi zonse. Chimene chinagwira ntchito ku Seattle ndi chomwecho chimene chinagwira ntchito m'midzi ya ku China, ndicho munthu mmodzi wodziwa wodwalayo, womufunsa mafunso oposa limodzi, wobweranso mwezi wamawa.

Gulu la akatswiri la magazini ya Lancet, lotsogozedwa ndi Gill Livingston, linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya dementia padziko lonse ikugwirizana ndi zinthu 14 zimene zingasinthidwe. Ukaziwerenga umapeza kuti zambiri ndi za mtima ndi mitsempha, monga BP, shuga, kusuta, kunenepa kwambiri, mafuta oipa m'magazi, mowa wambiri ndi kusayendayenda, ndipo zina ndi za maganizo ndi kulumikizana ndi anthu, monga kuvutika maganizo, kukhala kwawekha, kusamva bwino ndi kusaona bwino. Nambala imeneyi ndi yolimbikitsa, koma ndimaopa mmene imagwiritsidwira ntchito. Ndi chiyerekezo cha dziko lonse, chongoganizira kuti zinthu zonse 14 zachotsedweratu, ndipo sichilonjeza munthu aliyense payekha kuti akachita zonse bwino sadzadwala. Zina mwa zinthuzo, monga kusapita kusukulu ali mwana ndi kupuma mpweya woipa, munthu sanazisankhe. Banja limene likusamalira mayi amene sakuzindikiranso ana awo lisamve ngati likuuzidwa kuti linalakwitsa penapake. Ngakhale kafukufuku wa FINGER wa ku Finland, amene Miia Kivipelto anatsogolera pa anthu 1,260 a zaka 60 mpaka 77 n'kufalitsa mu 2015, anasonyeza phindu lenileni koma lochepa: patatha zaka ziwiri za kudya bwino, kulimbitsa thupi, kuphunzitsa ubongo ndi kuyang'anira mitsempha, anthuwo anakhoza bwinoko mayeso a nzeru kuposa anzawo. Phindu lochepa likafika kwa anthu mamiliyoni limakhala lalikulu, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndi ya maboma ndi zipatala kuposa kukhala mlandu wa munthu payekha.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kumene maso a dziko ayang'ana. Mankhwala a lecanemab, amene anavomerezedwa ku America mu 2023, anachedwetsa kufooka kwa nzeru ndi 27 peresenti m'miyezi 18 mwa odwala Alzheimer yongoyamba, pa kafukufuku wa anthu 1,795. Ndi sitepe ya sayansi yoyenera ulemu. Koma poyamba amaperekedwa kudzera m'mitsempha milungu iwiri iliyonse, amafuna kuti ubongo uzijambulidwa kawirikawiri ndi makina a MRI, ndipo mwa odwala ena amatupitsa ubongo kapena kuchititsa timagazi kutuluka m'mitsempha. Bungwe la WHO linati mu 2021 padziko panali anthu 57 miliyoni odwala dementia, oposa 60 peresenti a iwo ali m'maiko osauka ndi opeza pang'ono, kumene chithandizo chotere sichidzafika posachedwa. Bungwe lomwelo lakhala likunena kuti pafupifupi theka la akuluakulu amene ali ndi BP yokwera sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Pamene zinthu zili chonchi, ndalama ndi nzeru zochuluka ziyenera kupita kumene umboni uli kale, ndipo ofufuza ayenera kulowetsa m'kafukufuku wawo anthu amene nthawi zambiri amasiyidwa panja, omwe ndi okalamba kwambiri, odwala matenda atatu kapena anayi nthawi imodzi, ndi anthu a m'maiko amene muli odwala ambiri.

Njira zachidule nazo zinayesedwa, ndipo zinalephera. Anthu ambiri achikulire amamwa asipirini tsiku lililonse pokhulupirira kuti akuteteza mtima ndi mutu, koma kafukufuku wa ASPREE wa ku Australia ndi America, wa okalamba 19,114 amene sanadwalepo mtima kapena sitiroko, anasonyeza mu 2018 kuti sanawonjezere zaka zokhala ndi moyo wathanzi, ndipo anachulukitsa kutaya magazi koopsa. Amene dokotala anawapatsa asipirini chifukwa anadwalapo kale mtima ali m'gulu lina, ndipo asasiye okha. Mankhwala a masamba a ginkgo, otsatsidwa kwambiri kuti amanola ubongo, anayesedwa pa anthu 3,069 a zaka 75 kupita m'tsogolo, ndipo zotsatira za mu 2008 sizinasonyeze kuchepa kulikonse kwa dementia.

Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mwina n'chifukwa chake timachedwa kuona moto umene ukuyaka mwa iwo eni. Munthu amene wakhala akutonthoza ena moyo wake wonse sanena mosavuta kuti mtima wake walemera. Amati mutu ukuwawa, thupi lonse likuphwanya, tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma. Pali mafunso awiri aafupi amene azaumoyo m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo satenga mphindi ziwiri: ngati m'milungu iwiri yapitayi munthu wakhala wopanda chidwi kapena chisangalalo pa zimene amachita, ndiponso ngati wakhala wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo. Yankho likakhala lakuti inde, pamafunika kufufuza mozama.

Pa ulendo wachitatu wopita kuchipatala azakhali anakumana ndi dokotala amene anafunsa mafunso amenewa. Atayeza BP anaika cholembera pansi, n'kunena kuti, "Amayi, chichokereni abambo, pali chimene chimakusangalatsani?" Azakhali anakhala chete nthawi yaitali, akupotokola ngodya ya mpango wawo, kenako anati, "Mankhwalawo ankandikumbutsa ndi iwowo. Tinkamwera limodzi m'mawa." Aka kanali koyamba kuti ife amene tinkakhala nawo tsiku ndi tsiku timve zimenezi. Dokotalayo anawayambitsa chithandizo cha maganizo, anawapatsa tsiku lobweranso, ndipo anapempha kuti pakhale munthu mmodzi pabanja womwetsa mankhwala m'mawa ndi kuyenda nawo pang'ono madzulo. Mdzukulu wawo wamkulu ndiye anatenga udindowo. Patatha miyezi inayi BP inali pa 138 ndi 80, anayambanso kupesa tsitsi ndi kufunsa za anthu, ndipo maina a adzukulu anabwerera. Kuiwala kwina kunatsala, makamaka masiku ndi manambala, ndipo dokotala anawalembera kuti aziyezedwa nzeru miyezi isanu ndi umodzi iliyonse pa tsiku lomwelo loyezera BP.